Mmisiri wa mawotchi pa Nchalo: mutu wa kasitima anaudzutsa, koma mabogi musamusiyire

Papita miyezi isanu ndi iwiri chitengereni kasitima kanga kwa mmisiri ameneyu, ndiye tsopano ndikhoza kulankhula. Ndinadikira dala kuti kadutse kaye m'ng'anjo ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa kuno kuchigwa chinthu chomata ndi guluu sutamanda dzuwa lisanachiyese. Dzina lawo sinditchula. Ndi bambo wachikulire amene amakonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo ina pa Nchalo. Mwa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, ndipo yachisanuyo ndawamana ndili ndi zifukwa.

Kasitimaka kanabwera ndi mwana wa mlongo wanga kuchokera ku Johannesburg, kogwiritsidwa kale ntchito. Ndi ka mtundu umene amautcha OO: chilichonse chinachepetsedwa ka 76 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, njanji zake n'zotalikirana mamilimita 16.5, ndipo kamayenda ndi magetsi a mavoti 12 amene amadutsa m'njanji momwemo. Mutu wake ndi wa sitima ya malasha ya 4-6-0, kutanthauza timawilo tinayi totsogolera ndi mawilo akuluakulu asanu ndi limodzi okoka, ndipo kumbuyo kuli kabogi konyamula malasha ndi madzi. Mabogi a anthu alipo atatu. Anzanga pa Bangula pano amati mphunzitsi wopuma wayamba kusewera ndi zidole. Ndimangowasiya. Bambo anga anagwira ntchito ya njanji zaka zambiri, ndipo ndinakula ndikumva kuti njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, komanso kuti mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 katundu anasiya kuwoloka pa madzi. Koma chidulireni madzi njanji pa Chiromo mu 1997, sitima ya ku Limbe inkangothera tsidya lija pa Makhanga. Zidzukulu zanga zinayamba kuona mawilo a sitima akuzungulira patebulo langa.

Chinakapha ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi analowa m'nyumba mpaka m'maondo, katoni ili pansi pa bedi. Madzi ataphwa ndinachita chopusa: ndinayanika zonse padzuwa, pamwamba pa lata. Kenako ndinatsekera m'sutikesi kupitirira chaka, poti panali zambiri zofunika kukonza kuposa kasitima. Tsiku limene ndinakaikanso panjanji kanangoti ng'ung'ung'u, osasuntha, mota n'kuyamba kununkha ngati waya wopsa. Ndinafunsafunsa ku Limbe osapeza woti n'kukagwira. Wokonza mafoni wina anangokayang'ana n'kundiuza kuti ndikagule kena.

Amisiriwa sanaseke. Anakatembenuza kawiri, n'kuvala kagalasi kawo ka diso limodzi kaja.

"Aphunzitsi, chotere sindinagwirepo chibadwire. Mtengo sindinena lero. Ndiyambe ndatsegula, ndione chimene chikudwala."

Mawu amenewo ndi amene anandichititsa kukasiya. Munthu wotchula mtengo asanatsegule ndimamuopa. Anayala nsalu yoyera, tisikuluu tonse n'kumaika m'chivindikiro cha chitini cha polishi, ndipo pochotsa chilichonse ankauza mdzukulu wawo kuti ajambule pafoni, kuti pobwezera asasokoneze.

Mkati munali matope ouma. Girizi wakale anali atalimba ngati phula, moti giya ya mota sinkatha kutembenuza giya ya pa ekiselo. Makaboni a mota, tizidutswa timene timalowetsa magetsi m'gawo lake lozungulira, anali atatha, kasipuling'i kamodzi katadyeka ndi dzimbiri. Makaboni a saizi imeneyo sangapezeke pa Nchalo, ndiye anatenga kaboni wamkulu wa m'chobowolera chakufa n'kumupala ndi fayilo mpaka analowa. Pamene makaboniwo amakhudza anapukuta ndi sipiriti, timipata take n'kutokosa ndi kamtengo kosongola, osati singano, kuopa kukanda mkuwa. Palinso timalilime ta mkuwa timene timakhudza kuseri kwa mawilo n'kumatenga magetsi kupita nawo ku mota. Titatu tinali titapindika osakhudzanso. Mafuta anathira a mawotchi, kadontho ka pansonga ya singano pamalo alionse. Ine ndinali nditabwera ndi kabotolo ka oyilo wa njinga yamoto poganiza kuti ndathandiza. Anandibwezera. Anati oyilo wotero amaitana fumbi ndipo amafooketsa pulasitiki.

Atamaliza zonsezi kasitima kanayenda, koma motsimphina. Mawilo akazungulira kamodzi kankagwira penapake, n'kudumpha, n'kugwiranso. Ine ndinali wokonzeka kulipira n'kumapita, poti kanali kakuyenda. Iwo anakana kundipatsa.

"Ayi aphunzitsi, wotchi yodumpha sekondi sindipereka kwa mwini wake. Kasiyeni."

Apa ndi pamene ndinaona kuti bamboyu ndi mmisiri weniweni. Mawilo akuluakulu a sitima ya malasha amalumikizidwa ndi timikono tachitsulo mbali zonse ziwiri. Pamene kamkono kamagwira pa wilo lakumanja sipafanana ndi pa wilo lakumanzere: mbali imodzi imatsogola ndi kota ya mzunguliro, madigiri 90. Pa sitima yeniyeni anachita dala, kuti pisitoni ya mbali ina ikafika pothera pamene ilibe mphamvu yokankha, ya mbali inayo ikhale pakati pa ulendo wake, sitima n'kunyamuka paliponse pamene yaima. Ma ekiselo onse atatu ayenera kugwirizana ndendende. Pa kanga, wilo limodzi lapakati linali litaterereka pang'ono pa ekiselo, mwina tsiku lija ndinkakakamiza mota girizi atauma, ndiye timikono tinkakokana. Palibe anawauza zimenezi. Anachotsa mota, n'kumakankha kasitima ndi chala pagalasi la zenera, akuyang'ana pamene kakugwira. Anapeza okha. Pondifotokozera ndinamva ngati ndikumvanso bambo anga, amene ankanena zomwezo pojambula ndi kamtengo padothi, ine ndili mwana wosamvetsa.

Anasema kathabwa kokhala ndi timisomali tiwiri koyezera kota ija, n'kubwezera wilo m'malo mwake. Ine ndinapeza pa intaneti kuti mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri a OO uyenera kukhala mamilimita 14.5. Anabwereka choyezera kwa makaniko wa njinga zamoto, anapala kachitsulo mpaka kanakwana muyeso umenewo, n'kuyeza nako mawilo onse, a mabogi omwe. Kachitsuloko anandipatsa ulere. Kuyambira pamenepo mutu umanyamuka pang'onopang'ono ngati sitima yolemedwa ndi thonje, ndipo m'miyezi yonseyi sunatsimphinenso.

China chimene anandichitira sindinawapemphe. Kabokosi koyendetsera kamene kanabwera ndi kasitimaka kanafa ndi madzi, komanso kankafuna magetsi a pakhoma, amene kuno amabwera mwa mwayi. Iwo anandipangira kena kogwiritsa ntchito batire ya sola. Anatenga kachipangizo kochepetsera kuwala kwa mababu a LED a mavoti 12, anaikapo switchi yotembenuza mawaya kuti sitima izibwerera m'mbuyo, ndipo pa waya umodzi analumikizapo babu la mabuleki a galimoto la mawati 21. Poyamba ndinkayesa n'chokongoletsa. Ayi ndithu. Batire ya sola ili ndi mphamvu yosungunula tiwaya tonse ngati wilo lagwa n'kugunditsa njanji ziwiri. Zikatero babu lija limayaka n'kumwa mphamvuyo, kanthu osapsa. Sitima ikuyenda bwino babu limakhala chete. Ana amalitcha "apolisi".

Tsopano zoipa.

Anati milungu iwiri, inakwana isanu ndi inayi. Ina mwa milunguyo ndi ya wilo lija, ndipo imeneyo sindidandaula. Koma maulendo awiri ndinakwera minibasi kuchoka pa Bangula, kudutsa Ngabu, kukafika pa Nchalo n'kupeza pakhonde pali benchi yokha. Foni yawo imakhala yozima kapena ili ndi mdzukulu. Ntchito yonse anandilipiritsa K38,000, mtengo umene ndikuti ndi wachifundo, koma ya thiransipoti inatsala pang'ono kufika pomwepo. Ngati mukuchokera kutali, musanyamuke musanamve mawu awo enieni pafoni m'mawa womwewo.

Mabogi ndiye anandiliza. Mawindo a bogi imodzi anali atakanganuka, iwo n'kumata ndi supagulu. Guluu ameneyu akamauma amatulutsa mpweya umene umayeretsa pulasitiki woonekera, moti mawindo onse a mbali imodzi anachita mbuu ngati diso la ng'ala, ndipo sizichoka. Denga la bogi yachiwiri linali litasuluka, ndiye analipaka penti wa mafuta wa zitseko, ndi burashi yaikulu. Timizere tonse ndi timabowo ta mpweya ta padenga tinakwiririka, ndipo pentiyo ananyezimira ngati mbale yatsopano. Sindinawatume kupenta. Nditadandaula anandiyankha mwaulemu kuti ankafuna ndilandire chooneka bwino, ndipo ndikhulupirira ankanena zoona, koma munthu amene amasamala kasipuling'i kosaoneka ndi maso ndinkayembekezera kuti afunse kaye. Bogi yachitatu inapindika msana, koma imeneyo ndi mlandu wanga ndi lata lija. Anaikamo manati awiri kuti ilemere isamagwe. Inasiyadi kugwa, koma mutu unayamba kupalasa pamalo amodzi pokoka, mpaka ndinachotsamo nati imodzi.

Njanji nazo anazikwecha ndi sandipepa. Zanga ndi zachitsulo, zakale, osati za nickel silver zimene sizichita dzimbiri. Tsiku loyamba zinawala bwino. Koma sandipepa amasiya timikwasa tosunga litsiro, ndipo anachotsa chikutiro chimene chinatsala, ndiye nyengo ya mvula ino ndikumapukuta ndi kansalu ka sipiriti pafupifupi tsiku lililonse ndisanayendetse. Mwina dzimbiri la Freddy silikanachoka mwa njira ina, koma akanayamba ndi chofewa.

Pali cholakwa china chimene ndinatsala pang'ono kuwanamizira. Kumapeto kwa Okutobala, masiku aja kutentha kumapitirira madigiri 40 mbuzi n'kumabisala pansi pa ngolo, kasitima kanayamba kugwa pamalo amodzimodzi. Ndinatsala pang'ono kukwera minibasi ndi mkwiyo. Nditayang'anitsitsa ndinapeza njanji itakhota ngati njoka. Ndinali nditaikhomera pa pulayiwudi mothinitsa, osasiya mpata polumikizira, m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Chitsulo chikatentha chimatalika, chikasowa kopita chimapinda. Mwana wa munthu wa njanji kuiwala zimenezi! Kugunda kuja kumene tinkamva m'sitima ya ku Makhanga kunali mawilo akudutsa pa mipata yomweyo. Ndinazula misomali ina, n'kusiya kampata kolowa pepala lolimba pa mfundo iliyonse, vuto linatha. Tsopano masana ndimafunditsa tebulo lonse ndi chitenje chifukwa cha fumbi, ndipo miyendo yake ndinaiika m'zitini chifukwa cha chiswe.

Ndiye amene muli ndi kanthu kokhala ndi mota yaing'ono ndi magiya, kaya ndi kasitima, kagalimoto ka batire kapena wotchi ya pakhoma, pitani nako kwa bamboyu mtima uli m'malo. Koma chotsani kaye chilichonse chofuna guluu kapena penti, musiye kunyumba. Muwauzenso momveka kuti chimene simunatchule asachikhudze.

Mabogi ndayamba kupanga ndekha. Njanji zathu zenizeni kuno n'zotalikirana mamilimita 1,067, zopapatiza kuposa za ku Britain za 1,435 zimene kasitima kanga kanatengerako. Nditawerengera ndinaona kuti pa njanji ya mamilimita 16.5, bogi ya kwathu iyenera kuchepetsedwa ka 64, osati ka 76, ndiye imatuluka yonenepa pang'ono kuposa zinzake. Ndikuipanga ndi katoni wolimba ndi timitengo ta machesi, mawindo ndikudula ku botolo la madzi n'kumata ndi guluu woyera wa matabwa, amene sachititsa ng'ala. Mawilo ndachotsa ku bogi yopindika ija. Mabenchi ndikuika a matabwa, monga ndimawakumbukira, ndipo pakhomo ndikufuna pakhale dengu la nsomba zouma ngati zala zanga zingalole. Chokolera chake chokha ndi chimene chandikanika. Chimene amisiri anapinda ndi waya pa bogi yachiwiri chinakwera pang'ono kuposa zinzake, moti pa kona ya kufupi ndi zenera chimamasuka kamodzi pa maulendo angapo, mutu n'kumapita wokha. Mdzukulu wanga wamkazi wazaka zisanu ndi chimodzi anadzipatsa ntchito yoima pamenepo n'kumakoletsa, ndipo wandiletsa kuti ndisakakonzetse.