Kashopu ka smog check ku Sacramento komwe anandiuza zoona asanalandire ndalama yanga

Ndinachoka ku South Bend, Indiana, kubwera kuno ku Sacramento pa Honda CR-V yanga ya 2011. Ndinaiyendetsa ndekha mamailosi opitirira 2,000 pa msewu wa I-80, mwana wanga atakhala kumbuyo pakati pa mapoto ndi mabulangete, ndipo galimotoyo sinanditaye panjira ngakhale kamodzi. Ndiye achimwene omwe ndinafikira kwawo atandiuza kuti, "Achemwali, musanaganize za manambala a California, galimotoyi ikayezedwe kaye utsi," ine ndinangoti ndi ntchito ya mphindi khumi. Inanditengera pafupifupi mwezi, ndi ndalama zomwe ndinasungira lendi. Koma ndikulemba izi kuti ndiyamikire kashopu kamodzi kakang'ono, chifukwa pakanapanda bambo wa pamenepo ndikanataya zochuluka kuposa apo.

Anzanga a ku Indiana mundimvetsa. Kumeneko zoyeza utsi zili m'makaunti awiri okha, Lake ndi Porter, kufupi ndi Chicago. Ife a ku St. Joseph County timangolipira, sitika n'kubwera, nkhani n'kuthera pomwepo. Zaka zonse zomwe ndinakhala kumeneko palibe anandifunsapo zomwe zimatuluka ku ekizozi ya galimoto yanga. Kagetsi ka check engine, kochenjeza kuti galimoto ili ndi vuto, kanali kakuyaka kwa miyezi, ine ndinkangokaona ngati mbali imodzi ya dashibodi. Kuno ndi dziko lina. Munthu ukakhazikika mu California uli ndi masiku 20 okha oti uyambe kulembetsa galimoto yako ku DMV, ofesi ya boma yolembetsa galimoto, ndipo galimoto yochokera ku boma lina iyenera kudutsa smog check, mayeso a utsi aja, ngakhale ikhale yatsopano ndithu. Za petulo zomwe zinapangidwa kuyambira 1976 zonse zili m'gulu limeneli.

Usiku woti mawa ndikupita, mnzanga wina anandilangiza pafoni kuti ndichotse waya wa batire kwa kanthawi, kagetsi kaja kazima. Ndinachitadi, ndipo kanazimadi. Ndinagona mtima uli m'malo.

Kashopuko kali kuseri kwa malo omwetsera petulo, chitseko chimodzi chachitsulo chotsegukira m'mwamba, pakhoma pali chikwangwani cha mawu oti Test Only. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa imvi, wosalankhulalankhula. Asanakhudze galimoto anayang'ana nambala ya Indiana, kenako anandifunsa mafunso awiri: ngati batire linachotsedwapo posachedwapa, ndiponso ngati pali chomwe chinasinthidwapo ku ekizozi. Ndinachita manyazi, koma ndinaulula za batire. Ndinawauzanso kuti chaka chathachi galaja ina ku Indiana inandiikira catalytic converter yatsopano, chipangizo choyeretsa utsi ku ekizozi, pa mtengo womwe ndinkauona ngati mwayi waukulu.

Sanandikalipire, sanandiseke. Anatenga kachipangizo kogwira m'manja n'kukalumikiza pansi pa chiwongolero, pa kabowo ka OBD komwe galimoto zonse za kuno zili nako kuyambira 1996. Anandiitana kuti ndione ndekha. Pa sikirini panali mizere ingapo yolembedwa kuti sinakonzeke. Anafotokoza kuti kompyuta ya galimoto imadziyeza yokha pamene ukuyenda, imasunga zotsatira za mbali iliyonse, ndipo ukachotsa batire umafufuta zonsezo pamodzi ndi kagetsi kaja. Makina a boma akapeza kompyuta ilibe chonena, galimoto siidutsa. Kuzimitsa kagetsi sikuchiza nthenda, kumangochotsa umboni, ndipo anthu oyeza utsi amadziwa bwino njira imeneyi chifukwa amakumana nayo tsiku lililonse.

Kenako anayala katoni pansi, anagona chagada n'kulowa kunsi kwa galimoto ndi tochi komanso kagalasi kokhala ndi chogwirira chachitali. Anakhalako mphindi zingapo akupukuta dzimbiri la mchere wa m'misewu ya ku Indiana ndi kansanza. Atatuluka anandiuza mosazungulira kuti catalytic converter yangayo ilibe nambala ya EO. Nambala imeneyi imadindidwa pa chitsulo penipenipo, ndipo imasonyeza kuti bungwe la California Air Resources Board, lomwe anthu amangoti CARB, linavomereza chipangizocho pa mtundu wa galimoto imeneyo. Yomwe anandiikira ija ndi yololedwa ku Indiana, koma kuno ayi. Ngakhale utsi utamatuluka woyera chotani, woyeza akangoona ndi maso kuti nambala palibe, galimoto yalephera.

Apa ndi pomwe ndinadziwira mtundu wa munthu yemwe ndinakumana naye. Akanatha kungoyendetsa mayeso aboma, ine n'kulephera, iwo n'kulandira ndalama yawo, ine n'kudzabweranso kudzalipira kachiwiri. Sakanaphwanya lamulo lililonse. M'malo mwake anati, "Mayi, lero musalipire kalikonse. Ndikayeza panopa mulephera pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse mwaziona kale ndi maso anu." Ananditengera kapepala n'kundilembera zoti ndikanene ku galaja: chaka cha galimoto, kukula kwa injini, ndi nambala ya gulu la injini yomwe ili pa sitika ya pansi pa boneti. Anandionetsa sitikayo ndi chala, poti zaka zonsezi sindinaiwerengepo. Anati chipangizo chatsopanocho chigwirizane ndi nambala imeneyo, ndipo ndisunge lisiti.

Ndinawachonderera kuti andikonzere okha, kapena andilozere makaniko wodalirika. Anakana zonse ziwiri. Panthawiyo zinandiwawa, chifukwa ndinali mlendo wosadziwa kolowera, misozi ili m'maso. Pambuyo pake ndinamvetsa tanthauzo la chikwangwani chija. Shopu ya Test Only imangoyeza basi, siikonza galimoto, choncho woyezayo alibe chomwe angapindule pokuuza kuti chakutichakuti chawonongeka. Kwa munthu ngati ine, yemwe sindidziwa kusiyanitsa sensa ndi pulagi, chimenechi n'chinthu chachikulu. Mawu awo ndinawakhulupirira chifukwa panalibe chomwe ankandigulitsa.

Anandipatsanso langizo lomwe linandipulumutsa ku chindapusa. Anati ndisadikire kuti galimoto ikonzedwe, ndipite ku DMV masiku 20 aja asanathe, ndikapereke mafomu ndi kulipira zolipira zonse, satifiketi ya utsi idzatsatira. Ndinachita zomwezo. A ku DMV anayang'ananso VIN, nambala yozindikirira galimoto, tsiku lomwelo, monga amachitira ndi galimoto iliyonse yochokera kunja kwa boma lino.

Za kukonzetsa sindichulukitsa mawu. Ndinazungulira magalaja atatu, ndinasankha yapakatikati, ndinalipira madola 1,400. Ya ku Indiana ija ndinailipira ndalama yosafika ndi theka lomwe la imeneyi, ndipo ndi yomweyo inkayatsa kagetsi kaja ndi khodi ya P0420, yomwe imatanthauza kuti chipangizocho sichikuyeretsa utsi mokwanira. M'kati mwa catalytic converter muli zitsulo zodula, platinum, palladium ndi rhodium, ndipo zotchipazo zimakhala ndi zochepa. Sindikuti makaniko uja anandinamiza, anandipatsa zomwe thumba langa linkafuna. Koma akanandiuza kusiyana kwake ndikanaganiza kawiri.

Itakonzedwa, ndinayenera kuiyendetsa kuti kompyuta ija idzazenso zotsatira zake. Bambo aja anali atandiuza kale kachitidwe kake: kuiliza m'mawa injini ili yozizira, petulo asakhale wodzadza thanki kapena wotsala pang'ono, kuyenda pa msewu waukulu pa liwiro losasinthasintha la mamailosi 55 mpaka 60 pa ola, kenako kulowa m'tauni momwe umaima ndi kunyamuka pafupipafupi. Masiku anayi ndinkadzuka mbandakucha, kutsika ndi Highway 99 mpaka ku Elk Grove n'kubwerera ndisanapite kuntchito. Tsiku lachitatu ndinadutsira pa kashopuko, analumikiza kachipangizo kawo kaja, anati kwatsala mzere umodzi, ndiyendenso mawa. Apanso sanandilipiritse.

Ndinawafunsa tsiku limenelo chifukwa chake California imalimbitsa chonchi. Analoza kum'mawa n'kundifunsa ngati ndikuwaona mapiri a Sierra Nevada. Sindinkawaona, kunali chifunga chotuwa. Anati chigwa chino chazunguliridwa ndi mapiri, mpweya woipa ukalowa umakhazikika ngati madzi m'beseni. Ndinakawerenga pambuyo pake kuti ku Los Angeles vutoli linafika poipa m'chaka cha 1943, anthu maso akuwawa osadziwa chifukwa, mpaka katswiri wina wa ku Caltech, Arie Haagen-Smit, anasonyeza kuti utsi wa galimoto ukakumana ndi dzuwa ndi womwe umapanga chifunga chimenechi. CARB inakhazikitsidwa mu 1967, Ronald Reagan ali bwanamkubwa, ndipo smog check inayamba mu 1984. Mwana wanga ali ndi mphumu. Ndagonapo naye kuchipatala akupuma ngati mluzu. Madola 1,400 aja anandipweteka mpaka m'mafupa, koma sindingaime pagulu n'kunena kuti lamuloli ndi lopanda pake. Ndimakumbukira maminibasi a ku Limbe akukwera chitunda, utsi wakuda uli tolo kumbuyo, amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu akuupuma tsiku lonse. Kwathu timadziwa COF, ndipo maganizo athu amathamangira ku mabuleki, matayala ndi magetsi. Za utsi sitizitenga ngati nkhani ya chifuwa cha mwana.

Si kuti pa kashopuko zonse ndi zokoma. Malo odikirira ndi mipando iwiri yapulasitiki panja, ndipo dzuwa la ku Sacramento m'chilimwe silichita chibwana. Amagwira okha, salembetsa nthawi pafoni, wofika koyamba ndi yemwe amayamba. Loweruka lina ndinapeza galimoto zisanu pamzere, ndinabwerera. Pitani m'mawa pakati pa sabata, mutenge madzi akumwa. Komanso bamboyu si munthu wa macheza, ukafuna kumva zambiri uyenera kufunsa wekha. Ukafunsa amayankha mpaka umvetse.

Tsiku la mayeso enieni sizinafike mphindi 20. Analowanso kunsi ndi tochi, anawerenga nambala ya EO n'kuifananiza ndi zomwe zili pa kompyuta, anasuzumira pansi pa boneti, analumikiza makina aboma. Ndinalipira madola 60 a mayeso ndi madola 8.25 a satifiketi. Zotsatira zimapita zokha ku DMV kudzera pa intaneti, koma anandisindikizira pepala langa n'kundikumbutsa kuti limagwira ntchito masiku 90 okha, ndisachedwe kukamaliza zolembetsa.

Amene mukukonzekera kusamukira kuno, yang'anitsani ekizozi yanu muli komweko, ndipo batire musalikhudze. Ngati mukufuna kugula galimoto yatsopano musananyamuke, werengani sitika ya pansi pa boneti, chifukwa galimoto yomwe sinakwane mamailosi 7,500 California imaitenga ngati yatsopano, ndipo ikakhala yosavomerezedwa ndi malamulo a utsi a kuno mukhoza kuvutika kuilembetsa. Mukafika, funani shopu yolembedwa Test Only, ndipo woyezayo mumuuze zoona zonse asanalumikize makina.

Manambala anga ndinawalandira Lachisanu. Achimwene anagwada pansi ndi sikuludiraiva kumasula ya Indiana ija, bawuti imodzi inali itagwirana ndi dzimbiri mpaka tinachita kuithira mafuta ophikira. Lolemba lake ndinadutsira pa kashopu kaja ndi mandasi omwe ndinakazinga m'mawa. Bambo aja anali kunsi kwa galimoto ina, miyendo yokha ikuoneka, ndiye ndinangowasiyira pa tebulo pafupi ndi tochi yawo ina.