Alangizi a ku Sandton ndi lipoti la utsi wa mathiraki athu

Kampani yathu imanyamula katundu kuchoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, ndipo siili pa msika wa masheya wa JSE. Malangizo omwe JSE idatulutsa mu 2022, ofotokoza momwe makampani angalembere malipoti a za chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, sakakamiza ngakhale makampani a pamsikawo. Komabe kasitomala wathu wamkulu, yemwe ali pa JSE, adatiuza kuti utsi wa mathiraki athu umalowa mu lipoti lake, m'gawo lotchedwa Scope 3, la utsi wotulutsidwa ndi ena monga makampani omwe amamugwirira ntchito, motero akufuna manambala. N'chifukwa chake tidalemba ganyu alangizi ena a ku Sandton, dera la mu Johannesburg.

Pa kuphunzitsa, anthuwa ndi akatswiri ndithu. Mayi yemwe ankatsogolera gululo adatilongosolera modekha kuti dizilo wa mathiraki ndi wa jenereta yomwe timayatsa magetsi akazima ndi Scope 1, kutanthauza utsi womwe kampani imatulutsa yokha, pomwe magetsi ochokera ku Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, omwe ambiri amapangidwa ndi malasha, ndi Scope 2, kutanthauza utsi wobwera chifukwa cha magetsi omwe kampani imagula. Atanena kuti lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni, ngakhale abwana athu, omwe ankati zonsezi n'zotayitsa nthawi, adatenga cholembera n'kuyamba kuwerengetsera.

Mavuto adayamba titafika pa fomu yawo. Idali yodzaza ndi mafunso ochokera mu ndondomeko za padziko lonse zolembera malipoti otere, zotchedwa GRI ndi IFRS S2, ndipo zinkaonekeratu kuti adaikonzera makampani akuluakulu okhala ndi dipatimenti yonse yoona za chilengedwe, osati ofesi ya anthu asanu ndi mmodzi. Choipitsitsa, sadaganizireko kuti madalaivala athu amathira mafuta ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, kumene malisiti ena amalembedwa pamanja ndipo ena amafika atafufutika ndi dzuwa. Ndidatha milungu itatu ndikufananiza timapepala timeneti ndi makilomita a ulendo uliwonse, ntchito yomwe ndinkayesa kuti ili m'gulu la zomwe tidalipira.

Lipoti lidatuluka laukhondo ndipo kasitomala adalilandira. Kwa amene mabuku awo a mafuta ndi magetsi ali kale m'malo mwake, alangiziwa ndi oyenera ndalama zake. Ife chaka chamawa tidzawaitana kudzangotsimikizira manambala basi, popeza tsopano dalaivala aliyense amajambula lisiti pa foni asanachoke pomwetsera mafuta.