Kuyeza HIV ndi Mkodzo Kapena ndi Magazi

Njira zonse ziwirizi, kuyeza ndi mkodzo komanso kuyeza mwachangu ndi magazi, siziona kachilombo kenikeni, koma zimafufuza ma antibody amene thupi limapanga polimbana nako. Chimene chimazisiyanitsa ndi kuchuluka kwa ma antibody amenewa, chifukwa m'magazi amakhalamo ochuluka pamene mumkodzo amapezeka ochepa kwambiri.

Kuyeza ndi mkodzo kuli ndi ubwino wake. Sipafunika kubaya, ndipo woyeza sakhala pachiopsezo popeza mkodzo sufalitsa HIV. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, lidavomereza njirayi mu 1996, koma idali yofuna labotale, ndipo chifukwa cha kuchepa kwa ma antibody kuja, imaphonya anthu ena amene ali ndi kachilombo kuposa momwe kuyeza magazi kumaphonyera. Ichi si chilema chaching'ono, chifukwa munthu wouzidwa molakwika kuti alibe kachilombo amachedwa kuyamba kumwa ma ARV.

Kuno ku Ntcheu, kaya pachipatala chachikulu cha paboma kapena pazipatala zing'onozing'ono za kumidzi, amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Chipangizo choyamba chikaonetsa kuti kachilombo kalipo, amatsimikiza ndi zipangizo zina asanamuuze munthu. Kwa ine, kubayidwa pachala n'kopiririka poyerekeza ndi kukhala ndi zotsatira zokayikitsa, ndipo woopa kubayidwa angathe kudziyeza ndi OraQuick, chipangizo chopukutira m'nkhama.

Njira zonsezi zingathe kuphonya kachilombo kolowa kumene, n'chifukwa chake munthu amene wakhala pachiopsezo posachedwa amalangizidwa kukayezetsanso pakadutsa masabata angapo.