DATEDIFF ya SQL Server: imagwira ntchito, koma imawerenga malire

Pa ntchito ngati kupeza masiku amene ngongole yachedwa kubwezedwa, DATEDIFF, lamulo lopezera kusiyana kwa madeti awiri mu pulogalamu yosungira deta ya Microsoft SQL Server, ndi yodalirika. Mumalemba DATEDIFF(day, tsiku_loyamba, tsiku_lomaliza). Chaka chokhala ndi 29 February imachidziwa yokha: kuchokera pa 1 February mpaka 1 March 2024 imapereka 29.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi apa. DATEDIFF siyeza nthawi imene yadutsa, imawerenga malire amene adumphidwa: pa day, imawerenga kuti pakati pausiku padumphidwa kangati. Kuchokera 23:59 pa 31 December 2023 kufika 00:01 pa 1 January 2024 ndi mphindi ziwiri zokha, koma yankho ndi tsiku 1, ndipo mukaika year ikuuzani kuti chaka chatha. Ndiye musaigwiritse ntchito powerengera zaka za munthu, chifukwa wobadwa mu December imamukulitsa January akangoyamba. Kwa malo ogona alendo, kumene amalipiritsa usiku uliwonse, kawerengedwe kameneka n'koyenera. Mukafuna kuti tsiku loyamba liwerengedwenso, onjezerani 1.

Chokhumudwitsa china ndi kalembedwe ka deti. Kuno timayamba ndi tsiku, koma seva ikakhala pa us_english (Chingerezi cha ku America), '03/04/2024' imakhala 4 March, osati 3 April, ndipo sidandaula n'komwe. Lembani '20240403', nkhani yatha.

Yankho limabwera ngati int, mtundu wa nambala wokhala ndi malire a kukula kwake, choncho pa millisecond imakana akakwana masiku pafupifupi 25, pa second zaka pafupifupi 68. DATEDIFF_BIG, yomwe inabwera ndi SQL Server 2016, inathetsa zimenezi. Pa week, sabata imayamba Lamlungu ngakhale mutasintha SET DATEFIRST, lamulo losankhira tsiku loyamba la sabata.

Tebulo likakhala lalikulu, musaike DATEDIFF pa column mkati mwa WHERE. Mukalemba DATEDIFF(day, deti, GETDATE()) > 30 (deti ndi dzina la column, GETDATE() ndi nthawi ya panopa), seva imayendera mzere uliwonse m'malo mongolunjika kudzera pa index, mlozera wothandiza kupeza mizere msanga. Lembani deti < DATEADD(day, -30, CAST(GETDATE() AS date)). Mizere yotuluka ndi yomweyo.

Amene anazolowera MySQL, pulogalamu ina yosungira deta, asamale: kumeneko DATEDIFF imayamba ndi tsiku lomaliza ndipo imapereka masiku okha. Mukabwera ndi chizolowezicho, mayankho azituluka ndi minus. Pa kuphweka, PostgreSQL, inanso yosungira deta, ndiyo yapambana onsewa, chifukwa mumangochotsera date ina pa inzake n'kupeza masiku.