Fupa la M'chiuno Kapena Lopanga?

Fupa likathyoka n'kusiya mpata, dokotala amafuna chodzazirapo. Njira yakale ndi yodula kachidutswa ka fupa la m'chiuno mwa wodwalayo. Kali ndi maselo amoyo, motero kamagwirana msanga ndipo thupi silikakana. Koma limenelo ndi bala lachiwiri, ena limawapweteka kwa miyezi, komanso sungadulepo lambiri.

Zodzazira zochita kupanga, monga hydroxyapatite ndi tricalcium phosphate (michere ya calcium yofanana ndi ya m'mafupa), amaziwotcha pamoto woposa madigiri 1,000, n'kuzisiyira timabowo ngati siponji kuti mitsempha ya magazi ilowemo. Zilibe maselo, fupa latsopano limangoyangapo. Tricalcium phosphate imasungunuka msanga, inzakeyo imakhala zaka. Zonse sizichedwa kuphwanyika, ndiye posenza thupi pamafunikabe chitsulo. Pakampata kakang'ono ndingasankhe zopanga, koma fupa likakana kupola, la m'chiuno likadali patsogolo.