Madenga okhota a njerwa ku Mzuzu: luso amisiriwa ali nalo, koma madzi akuwapezabe

Ku Luwinga kuli kagulu ka amisiri kamene kamafolera nyumba ndi njerwa zokhazokha, popanda malata kapena mapaso. Dengalo limakhota ngati mgolo woduka pakati n'kuuvundikira. Masiku ano matabwa a ku Chikangawa sapezeka monga kale, chiswe nacho sichisiya mitengo ya kudenga, ndiye ntchito yawo ndi yoyenera kuiunika bwino.

Choyamba chotamandika ndi njerwa. Saotcha uvuni. Amaumba zadothi losakaniza ndi simenti, n'kuzitsendera pa makina a manja. Dothi amalisefa, ndipo pa ndowa 14 amathirapo ndowa imodzi ya simenti. Dothi lofiira la ku Mzuzu ndi lomata kwambiri m'malo ambiri, choncho amaonjezera mchenga wa kumtsinje, apo ayi njerwa zimang'aluka zikamauma. Akaumba amazifunditsa pepala lapulasitiki, kuzithirira madzi sabata ziwiri, ndipo sazigwiritsa ntchito masiku 28 asanakwane. Mwininyumba wa phuma amadandaula nazo zimenezi, koma amisiriwa akulondola. Pajanso kuyambira 2018 malamulo amene linakhazikitsa bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda.

Kukhota kwa denga sakuyerekeza ndi maso. Amakhoma misomali iwiri pa thabwa lalikulu motalikirana ngati m'lifupi mwa chipinda, n'kukoleka tcheni kuti lilendewere lokha. Akalemba mzere wa tchenilo ndi choko amalitembenuza thabwalo, mutu pansi. Denga lotsata mzere umenewo njerwa zake zimangopanikizana, palibe pamene zikukokana, n'chifukwa chake limaima popanda zitsulo m'kati mwake. Chipinda sachikulitsa kupyola mamita 3, ndipo dengalo limakwera pafupifupi mita ndi theka kuchokera pamutu pa khoma. Wofuna pabalaza potambalala amamuika madenga awiri ogundizana.

Chikombole chimene amasanjirapo njerwa za denga ndi chathabwa, chotalika mita imodzi, chokhazikidwa pa timitengo tosongoka. Amamanga mbali zonse ziwiri mofanana, mzere kuno mzere uko, mpaka kukumana pamwamba. Mukalemeza mbali imodzi chikombole chimapendekeka, denga n'kutuluka lopotoka. Njerwa iliyonse amaiviika m'madzi kuti isayamwe madzi a m'matope. Matopewo ndi muyezo umodzi wa simenti, umodzi wa laimu ndi isanu ndi umodzi ya mchenga, ndipo mpata wa pakati pa njerwa chakunsi sufika pa chala chaching'ono. Njerwa ya pamwamba penipeni amaisema ndi chikwanje mpaka italowa mothina, n'kuigogoda ndi chigwiriro cha mpeni womangira. Kenako amakhwefula timitengo tija, chikombole n'kutsika pang'ono, n'kuchikankhira kutsogolo. Ukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba mizere ya njerwa imaoneka yowongoka ngati ya pa mkeka, ndipo kuipaka pulasitala n'kuononga chabe.

Denga lotere limakankha makoma kuti atseguke. Apa m'pamene pamagwera anthu ongoonera. Gululi limathira bimu ya konkire kuzungulira pamwamba pa makoma, ya zitsulo zinayi za 12 mm, kenako limadutsitsa chitsulo cha 16 mm kuchokera khoma lino kufika linalo pa mita ndi theka iliyonse, chomangidwa ndi manati pa mbale zachitsulo kunja. Ena amapempha kuti zitsulozi zichotsedwe ati zikunyansitsa chipinda. Musayerekeze. Mng'alu wotsata msana wa denga umatanthauza kuti makoma ayamba kale kutayana. Komanso tili m'chigawo cha zivomerezi. Za ku Karonga mu Disembala 2009 sizinaiwalike. Pulani idutse kwa injiniya ndi kukhonsolo ya mzinda, ngakhale amisiri atanena kuti anamangapo zambiri.

Pamene akuperewera ndi pa madzi. Kamangidwe aka kanakulira kumaiko ouma, monga ku Egypt kumene katswiri wa mapulani a nyumba Hassan Fathy anakatsitsimutsa, ndi ku Burkina Faso. Mzuzu ndi kwina: mvula imatha kufika mpaka Epulo ndi Meyi, kenako mawawa ndi nkhungu. Amisiriwa amapaka pulasitala wa 20 mm pamwamba ndi phula kawiri. Pa nyumba ya denga limodzi zimagwira ndithu, bola phulalo lizibwerezedwa likayamba kusweka ndi dzuwa. Koma pa nyumba ina ya madenga awiri, ngalande ya pakati anaisiya yosatsetsereka, ndi paipi imodzi yopyapyala. Masamba anatseka, madzi anadikha, ndipo m'kati khoma ladera ndi ndere kuchokera pa bimu kutsika mpaka pa swichi. Ngalande imeneyo imafunika kutsika masentimita awiri pa mita iliyonse, kuyalidwa chinsalu chaphula chowotchera, ndi mapaipi a 110 mm kumapeto onse awiri. Chinanso, denga lilibe khonde loteteza makoma, ndiye mvula ya mphepo imamenya njerwa mwachindunji. Uzani amisiri atulutse mizere iwiri ya njerwa pamwamba pa khoma yokhala ndi kamzere kodonthetsera madzi, kapena muike kakhonde ka malata mbali yochokera mphepo.

M'nyumbamo mvula simasokosera, masana a Okutobala mumazizira bwino. M'mwezi wa Juni mumachedwa kufunda, choncho mawindo akuluakulu ayang'ane kumpoto kumene dzuwa limadzera nyengo yozizira. Mapaipi a magetsi akonzedweretu. Wamagetsi asadzabwere ndi tchizulo kudzasema dengalo.

Pa mtengo musayembekezere zozizwitsa. Zimene mwapulumutsa pa malata, matabwa ndi siling'i zambiri zimathera ku simenti, zitsulo ndi masiku a amisiri, pakuti ntchitoyi ndi yochedwa. Ndi amisiri oyenera kuwalemba ntchito, makamaka pa nyumba ya zipinda zopapatiza. Musanasainirane, apempheni akakuonetseni nyumba yomwe yapyola dzinja ziwiri, mukwere pamwamba mukaone ngalande, ndipo gawo lomaliza la malipiro mugwirizane kuti lidzaperekedwa mvula ya Epulo itadutsa.