Bravecto: piritsi lotafuna la nkhupakupa za agalu, ubwino wake ndi malire ake

Mwa mankhwala oteteza agalu ku nkhupakupa ndi utitiri amene akupezeka m'zipatala za ziweto masiku ano, Bravecto ndi amodzi mwa omwe anthu amawayamikira kwambiri, komanso ndi omwe ambiri amawasiya pa kauntala akangomva mtengo wake. Ndakhala ndikupatsa agalu anga piritsi limeneli kwa nyengo ndithu, ndipo ndikhoza kunena mosakayika kuti limagwira ntchito yake kuposa dibi ndi mankhwala odontheza pamsana omwe ndinkadalira kale. Komabe phindu lake limafika kwa mwini galu yekhayo amene wamvetsa zimene piritsili limachita ndi zimene silingachite, chifukwa amene waligula akuyesa kuti wathana ndi matenda onse a galu wake akhoza kutaya ndalama pamodzi ndi galuyo.

Bravecto amapangidwa ndi kampani ya MSD Animal Health, yomwe ku America imadziwika kuti Merck Animal Health, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 2014. Mankhwala enieni amene ali m'kati mwake ndi fluralaner, a m'gulu lotchedwa isoxazoline, momwe mulinso afoxolaner wa mu NexGard ndi sarolaner wa mu Simparica. Kusiyana kwake n'kwakuti awiri enawo amaperekedwa mwezi ndi mwezi, pamene Bravecto amaperekedwa kamodzi pa milungu 12. Piritsilo ndi lofewa, lofiirira ndi lonunkhira nyama, kotero agalu ambiri amalilandira m'manja popanda kuwakakamiza. Likafika m'matumbo, mankhwala amalowa m'magazi n'kukhala momwemo nthawi yaitali, akuchoka pang'onopang'ono kudzera m'chimbudzi cha galu. Nkhupakupa kapena utitiri ukaluma ndi kuyamwa magaziwo, minyewa yake imasokonezeka mpaka kufa, ndipo pepala la mankhwalawa la ku Ulaya limanena kuti mphamvu yake imayamba kuoneka pasanathe maola 8 pa utitiri ndi maola 12 pa nkhupakupa.

Kuti munthu aweruze bwino ngati mtengowo ndi woyenera, ayenera kudziwa kaye mdani amene akulimbana naye. Kum'mwera kwa Africa kuno agalu amavutika makamaka ndi mitundu iwiri ya nkhupakupa. Yofiirira, imene akatswiri amaitcha Rhipicephalus sanguineus, ndi ya pakhomo penipeni: imabisala m'ming'alu ya makoma, m'khola la galu ndi pansi pa thumba limene amagonera, ndipo yaikazi imodzi ikakhuta magazi imagwa pansi n'kuikira mazira zikwi zingapo. Imeneyi imafalitsa kachilombo ka Ehrlichia canis, kamene kamachititsa galu kutentha thupi, kuonda, ndi kutuluka magazi m'mphuno chifukwa magazi ake amasiya kuundana bwino. Yachikasu, yotchedwa Haemaphysalis elliptica, galu amaitola mu udzu ndi m'tchire, ndipo ndi imene imanyamula Babesia rossi, kachilombo komwe kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa. Galu wogwidwa ndi matendawa amafooka mwadzidzidzi, amakana chakudya, usinini wake umayererako kapena kusanduka wachikasu, kapamba amatupa, ndipo mkodzo ukhoza kufiira ngati tiyi wopanda mkaka. Akachedwa kulandira jakisoni, amatha kufa m'masiku owerengeka.

Chomwe chimandikhudza pa Babesia rossi n'chakuti ofufuza a ku South Africa anakapeza m'magazi a nkhandwe zakutchire zomwe sizinkaonetsa kudwala kulikonse. Nkhandwe zakhala ndi kachilomboka kuyambira kalekale ndipo matupi awo anakazolowera, pamene galu ndi mlendo kuno. Makolo ake ndi mimbulu ya ku Ulaya ndi Asia imene anthu anayamba kuweta zaka zosachepera 15,000 zapitazo, ndipo anafika kum'mwera kwa Africa pamodzi ndi alimi osula zitsulo zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Mitundu yachizungu monga German Shepherd, Rottweiler ndi Labrador ndiye yafika dzulodzuloli. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati nkhupakupa ndi gawo chabe la moyo wa galu, ngakhale galuyo akhale wachikuda.

Apa ndi pamene Bravecto amapambanira dibi. Dibi ya amitraz imapha nkhupakupa, ndipo ndi yotsika mtengo, koma imafuna kuti galu asambitsidwe pafupipafupi, makamaka m'dzinja pamene mvula imatsuka mankhwalawo, komanso imafuna kusungunula ndi madzi pa mlingo weniweni. M'makomo ambiri mlingowo amangouyerekeza ndi maso, ena amatapa dibi ya ng'ombe, ndipo mapeto ake galu amaledzera ndi mankhwala kapena nkhupakupa zimatsala zamoyo. Vuto lina lili pa kapangidwe ka thupi la galu. Nkhupakupa zimakonda m'kati mwa khutu, pakati pa zala za kumapazi, m'khwapa, m'zikope ndi pansi pa lamba wa m'khosi, malo omwe madzi a dibi safika bwino kapena omwe munthu amaopa kuthirapo. German Shepherd ali ndi ubweya wa magawo awiri, wakunja wolimba ndi wam'kati wothithikana, moti madzi amatha kutsetsereka pamwamba khungu lili louma. Agalu a makutu ogwa, monga Boerboel ndi Rhodesian Ridgeback, amabisa nkhupakupa pansi pa khutulo. Mankhwala oyenda m'magazi sasamala zonsezi, popeza paliponse pamene nkhupakupa ingalume pali magazi. Galu akhoza kusamba, kusambira kapena kuvumbwa ndi mvula, mphamvu yake sichepa, ndipo ana akhoza kumusisita popanda kutsala ndi mankhwala m'manja. Kwa agalu anga kusintha kunaoneka msanga: nkhupakupa zomwe ndinkazipeza zinali zouma kale, zongofunika kuzisesa ndi chala, ndipo kukandakanda kwa usiku kunatha.

Ubwino wina umene sutchulidwa mokwanira ndi wa mphere. Tizilombo ta Demodex timakhala m'mizu ya ubweya ndipo timasosola ana agalu kumaso ndi m'miyendo, pamene ta Sarcoptes timakumba pansi pa khungu n'kuyabwitsa galu mpaka kudzipweteka ndi zikhadabo, ndipo timatha kuyabwitsanso anthu a m'nyumbamo. Fluralaner amapha mitundu yonse iwiri, ndipo ku Ulaya anavomerezedwa kuchiza mphere zimenezi. Ndikunena izi motsindika chifukwa mpaka lero pali anthu amene amapaka galu wa mphere oyilo wakupsa wa galimoto. Oyiloyo amawotcha khungu, galu amamunyambita n'kuwononga chiwindi ndi impso, ndipo ndi nkhanza ngakhale wopakayo atachita ndi mtima wofuna kuthandiza. Pa galu wa mphere, piritsi limodzi kapena awiri ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito kuposa china chilichonse chimene munthu angagule.

Malire ake nawonso ndi enieni. Bravecto sathamangitsa nkhupakupa. Imayenera kuluma kaye kuti ife. Pa Babesia zimenezi sizidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa nkhupakupa imayenera kuyamwa tsiku limodzi kapena awiri isanapatsire kachilomboko, ndipo nthawiyo isanakwane imakhala itafa kale. Koma Ehrlichia canis amatha kulowa m'thupi la galu m'maola ochepa chabe, kotero chitetezo chake pa matendawa si chathunthu, ndipo khola lodzaza nkhupakupa zofiirira liyenera kupoperedwa mankhwala ndi kumatidwa ming'alu ngakhale galuyo atamwa piritsi. Chimodzimodzinso utitiri: umene ukuoneka pa galu ndi gawo laling'ono chabe, pamene mazira ndi mphutsi zake zili m'fumbi ndi pogona pake. Zogonera ziyenera kuchapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo ziweto zonse za pakhomo zithandizidwe nthawi imodzi. Palinso nkhani ya milungu 12 ija. Pepala la ku America limaika nkhupakupa yofiirira m'gulu la milungu 12, koma la ku Ulaya limailonjeza milungu 8 yokha, ndipo popeza yofiirirayo ndi imene yadzaza m'makomo mwathu, ine sindilola kuti tsiku lobwereza lipitirire, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mwezi wachitatu chimwereni piritsi ukayamba ndimafufuza m'makutu kawirikawiri.

Mwini galu adziwenso kuti piritsili silichiza galu amene wadwala kale matenda a nkhupakupa. Galu wa usinini woyera akufunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo kuti aone magazi ake ndi kumubaya mankhwala oyenera. Piritsi lotafunali silipha njoka za m'mimba, ndipo silitenga malo a katemera wa chiwewe kapena wa parvo, matenda otsegula m'mimba ndi magazi omwe amapulula ana agalu. Katemera wa chiwewe amateteza galu pamodzi ndi ana a m'nyumba ndi a anansi, ndipo ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, ayambe ndi ameneyo. Ntchito yomwe bungwe la Mission Rabies lakhala likugwira mu Blantyre kuyambira 2015 yasonyeza kuti kutemera agalu ambiri n'kotheka.

Kaperekedwe kake n'kosavuta koma sikalola kungoyerekeza. Mapiritsi ali m'magulu asanu motengera kulemera kwa galu: makilogalamu 2 mpaka 4.5, 4.5 mpaka 10, 10 mpaka 20, 20 mpaka 40, ndi 40 mpaka 56. Galu ayezedwe pa sikelo asanagulidwire, popeza agalu achikuda ambiri ndi opepuka kuposa mmene amaonekera chifukwa cha miyendo yawo yaitali, pamene Boerboel wamkulu akhoza kupitirira makilogalamu 56 n'kufunika mapiritsi awiri ophatikiza. Chiyeso chogula piritsi lalikulu n'kuligawa pakati pa agalu awiri n'chachikulu chifukwa cha mtengo, koma opanga ake amaletsa kulidula, ndipo galu wolandira mlingo wochepa amatsala wosatetezeka mwini wake akuyesa kuti zonse zili bwino. Liperekedwe pa nthawi ya chakudya, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'magazi m'mimba muli kanthu, ndipo ayang'aniridwe kuti walimeza lonse. Pepala la ku Ulaya limalola kupatsa ana agalu a milungu 8 olemera makilogalamu osachepera 2, komanso agalu a bere ndi oyamwitsa.

Zovuta zomwe zimadziwika n'zakuti agalu ena amasanza, amatsegula m'mimba, amatuluka dovu kapena amakana chakudya kwa kanthawi. Chachikulu ndi chenjezo lomwe bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linatulutsa mu 2018, lakuti mankhwala onse a gulu la isoxazoline akhoza kuchititsa ziweto zina kunjenjemera, kudzandira kapena kugwa ngati khunyu, ngakhale bungwelo linanenanso kuti kwa ziweto zambiri ndi osaopsa ndipo amagwira ntchito. Popeza mankhwala akalowa m'magazi sangatsukidwe monga mmene dibi imatsukidwira, galu amene anagwapo khunyu asapatsidwe popanda uphungu wa dokotala. Wogulitsa amene safunsa za kulemera, msinkhu ndi mbiri ya galu asanapereke bokosi sakuchita bwino ntchito yake.

Amphaka ali ndi nkhani yawoyawo. Piritsi lotafunali ndi la agalu okha, ndipo Bravecto wa amphaka ndi wamadzi, wodontheza pakhungu la kumbuyo kwa mutu pamene mphaka sangathe kunyambita. Mphaka anachokera kwa mphaka wakutchire wa ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, Felis lybica, yemwe anayandikira nkhokwe za alimi oyamba potsata mbewa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Chifukwa chodya nyama yokhayokha kuyambira makolo ake, chiwindi chake sichitha kuphwanya bwino mankhwala ena omwe galu ndi munthu amawachotsa m'thupi mosavuta. Ichi n'chifukwa chake permethrin, amene ali m'mankhwala ambiri odontheza pamsana pa agalu, amapha amphaka, ndipo ngakhale piritsi limodzi la paracetamol likhoza kuwapha. Dibi ya amitraz nayonso si ya mphaka. Pakhomo pamene galu ndi mphaka amagona mogundana, piritsi lomezedwa ndi galu limachotsa chiopsezo chakuti mphaka anyambite mankhwala omwe sanapangidwire iye, ndipo umenewu ndi ubwino umene ndimauwerengera kwambiri.

Mtengo wake ndi wokwera, ndipo umasinthasintha ndi mphamvu ya kwacha popeza mankhwalawa amachokera kunja. Poyerekeza, wogula agawe mtengowo pa miyezi itatu, kenaka auike pambali pa mtengo wa dibi ya sabata ndi sabata, nthawi yosambitsa, ndi ndalama za jakisoni, dripi kapena kuthira magazi galu akagwa ndi Babesia. Kwa mwini galu mmodzi kapena awiri, makamaka amtundu wachizungu, a ubweya wothithikana kapena oyenda m'tchire, ndikulimbikitsa Bravecto chaka chonse. Kwa pakhomo pa agalu ambiri pomwe thumba silingalole zimenezo, njira yanzeru ndi kupereka piritsi mvula ikamayamba ndi kubwereza nyengoyo isanathe, kenaka kubwerera ku dibi yoyezedwa bwino m'chilimwe. Ligulidwe ku chipatala cha ziweto kapena kwa wogulitsa wovomerezeka, bokosi lili losatsegulidwa ndipo tsiku lothera mphamvu likuwerengeka, ndipo lisungidwe pamalo osatentha kupitirira madigiri 30, zomwe m'madera ngati Nsanje, Chikwawa ndi Mangochi zikutanthauza kuti lisasiyidwe m'galimoto kapena pawindo.